Gulani Katundu Wotha Kusamuka Nanu

Mwalandira kalata yakuti mukayambe ntchito ku Dowa kapena ku Ntchisi, nyumba ya lendi mwaipeza, ndipo malipiro oyamba akangolowa mukufuna kusiya kugona pa mkeka. N'zoyenera ndithu. Koma musanakwere minibasi ya ku Lilongwe kukagula bedi ndi kabati, takhalani pansi kaye tikambirane. Nyumba mwalowayo si yomaliza. Chaka chino muli pa Mponela, chaka chamawa eni nyumba akweza lendi, kapena akuntchito akuti mupite ku Mvera, ku Nambuma, mwina ku Malomo. Ife aphunzitsi, pamodzi ndi anamwino, alangizi a zaulimi ndi apolisi, malole osamutsa katundu amatidziwa. Ine ndasamuka kasanu m'maboma awiriwa, ndipo katundu amene ndikadali naye mpaka lero ndi yekhayo amene amamasuka ndi sipanala n'kumangidwanso.

Wadiropu yanga yoyamba ndinaigula yopangiratu m'sitolo ina mu Lilongwe. Inali yonyezimira, ya zitseko zitatu, galasi pakati. Inakhala bwinobwino zaka ziwiri pa Madisi. Tsiku losamukira ku Ntchisi tinaikweza yathunthu pa lole, n'kuimanga ndi zingwe monga tinathera. Msewu wake mukuudziwa, chikweza apa, chitsikiro apo, mabampu osatha. Pofika, kumsana kwake misomali inali itazuka, mahinjesi atasololoka pamodzi ndi utuchi umene unawagwira. Tinayesa kuilowetsa choncho, koma inakanika kukhota pa kolido yopita kuchipinda. Inathera pakhonde, ndipo mvula yoyamba ya Disembala inaimaliza. Ndalama zimene ndinasunga miyezi inayi zinapita motero, ndipo sindifuna kuti inunso zikuonekereni.

Nzeru yopanga katundu wophwasuka si yachilendo. Kampani ya IKEA ya ku Sweden inayamba kugulitsa matebulo ndi makabati olongedza m'makatoni m'zaka za m'ma 1950, akuti wantchito wawo wina atachotsa miyendo ya tebulo kuti likwane m'galimoto. Lero anthu ambiri a m'mizinda ikuluikulu amagula katundu wa m'nyumba motero. Kuno kalipentala wa m'mbali mwa msewu wa M1 pa Mponela angakupangireni zolimba kuposa izo, bola mumufotokozere bwino chimene mukufuna. Mukapanda kunena, iye amangomata guluu n'kukhoma misomali, poti ndiyo njira yachangu.

Yambani ndi tepi yoyezera. Ngati mulibe, bwerekani ya atelala, kapena tengani chingwe muzimanga mfundo. Yezani chipinda m'litali ndi m'lifupi, kenako yezani khomo chitseko chili chotsegula, kuchokera pa chitsekocho kufika pa felemu. Makomo a mafelemu achitsulo amakhala pafupifupi masentimita 80 m'lifupi ndi mamita 2 kupita m'mwamba, koma nyumba zambiri za lendi zili ndi makomo a m'kati ochepera pamenepo. Musaiwale pokhota pa kolido, ndi kutalika kwa windo kuchokera pansi, kuti kabati isadzatseke kuwala. Lembani zonsezi m'kope. Lamulo langa n'lakuti chidutswa chilichonse chizinyamulika ndi anthu awiri, ndipo chisapitirire mamita 2.

Matiresi gulani bedi lisanapangidwe. A munthu mmodzi amakhala masentimita 91 m'lifupi, a thirikota 107, a dabulo 137, a kwini 152, ndipo m'litali ambiri ndi 188. Komabe yezani anuwo, poti ena amasiyana pang'ono, ndipo muonjezere masentimita 2 mbali zonse ziwiri, m'litali ndi m'lifupi, kuti zofunda zizilowa m'mbali. Ambiri amapangitsa bedi kaye, matiresi n'kudzapezeka akulendewera kumapazi.

Tsopano za matabwa, pamene pagona nkhani yonse. Matabwa a paini, amene ambiri amachokera ku Chikangawa, ndi opepuka, osavuta kupala, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Vuto lake chiswe chimawakonda. Bulugama ndi wolimba ndipo amapezeka m'midzi mwathu momwemu, koma akaumitsidwa mothamanga amang'aluka n'kupindika. Malaina ndi abwino pa zitseko za kabati ndi pamwamba pa tebulo chifukwa akauma sasunthasuntha. Mlombwa ndi mbawa ndiwo mafumu a matabwa, koma akusowa, ndipo apa ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mlombwa wotchipa, mufunseni kumene wauchotsa ndiponso chilolezo cha a zankhalango. Lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakwera. Matabwa a mitengo yachilengedwe opanda mapepala akhoza kulandidwa pa rodibuloko inu mutalipira kale. Komanso nkhalango ya m'phiri la Ntchisi ndi ya ku Kongwe ndizo zimasunga akasupe amene midzi ya m'munsi imamwa. Bedi la paini wouma bwino lidzakusungani zaka zambiri popanda kugwetsa mtengo umene unamera agogo athu asanabadwe.

Mtundu wa thabwa ungakhale uliwonse, chachikulu n'chakuti likhale louma. Thabwa laliwisi limaoneka bwino tsiku logula, koma pakapita miyezi itatu limafota, molumikiza monse mumachita mipata, bedi limayamba kulira, zitseko zimakana kutsekeka. Linyamuleni: laliwisi limalemera ndipo limazizira m'manja. Ligogodeni ndi chala: louma limalira mwa nthetemya, laliwisi limangoti phu. Mukakayikabe, pemphani kachidutswa kodulidwa pakati pa thabwa, kaikeni m'pulasitiki woonekera m'kati, mangani, muike padzuwa ola limodzi. Pulasitiki akachita thukuta lambiri, matabwawo sanakonzeke.

Ngati muli ndi mtima wodikira, gulani matabwa nokha mu Julayi kapena Ogasiti, muwaumitse pakhomo panu. Asanjikeni pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, ndipo pakati pa mzere ndi mzere muzigonekapo timitengo tofanana kuti mpweya uzidutsa. Pamwamba tsindikani ndi miyala kuti asapindike. Musawaimike padzuwa atatsamira khoma, amakhota ngati uta. Paini wa inchi imodzi amafuna miyezi iwiri kapena itatu ya chilimwe. Bulugama wa mainchi awiri mupatseni theka la chaka kapena kuposerapo. Nthawi yabwino yopangitsa katundu ndi Okutobala ndi Novembala, matabwa atauma, mvula isanayambe. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti ndalama za fodya, soya ndi mtedza zimakhala zili m'manja mwa anthu, akalipentala amachulukidwa ntchito, mitengo imakwera, ndipo ndi pamene matabwa aawisi amalowa m'mipando chifukwa cha changu.

Pa bedi muwauze akalipentala motere. Likhale zidutswa zosiyana: kumutu, kumapazi, matabwa awiri a m'mbali, mtanda wapakati, ndi timatabwa togonekapo matiresi. Kumutu ndi kumapazi alumikize ndi mano olowetsana ndi guluu, poti zimenezo sizidzaphwasulidwa. Koma matabwa a m'mbali agwire ku miyendo ndi mabawuti, awiri pa ngodya iliyonse, onse pamodzi 8. Gulani mabawuti a mamilimita 10, okhala ndi nati ndi mawasha awiri lililonse. Amenewa amamangidwa ndi sipanala ya nambala 17. Washa musaipeputse. Popanda iyo, mutu wa bawuti umadya thabwa pang'onopang'ono mpaka bedi kuyamba kugwedera. Bawuti limodzi pa ngodya silikwana, chifukwa thabwa limazungulirapo.

Timatabwa togonekapo matiresi tisakhomedwe ndi misomali. Tizingokhala pa kamtanda ka m'mbali, ndipo kuti tisamasunthe tilumikizeni ndi malamba awiri a nsalu yolimba, okhomedwa ndi timisomali tating'ono; tsiku losamuka mumangotipinda ngati mphasa. Mpata pakati pa kathabwa ndi kanzake usapose zala zinayi, apo ayi matiresi amalowa m'mipatamo n'kutha msanga. Pa bedi la dabulo ndiye kuti timatabwa 13 kapena 14, ndipo mtanda wapakati ukhale ndi mwendo wake. Pemphaninso kuti pansi pa bedi pakhale mpata wa masentimita 30. M'nyumba ya zipinda ziwiri, pamenepo ndi pokhala masutikesi ndi beseni, komanso tsache limafika. Kalipentala amene ali ndi matabwa ouma amamaliza bedi lotere m'masiku 4 kapena 5, kuphatikizapo kupaka vanishi kawiri, kusiya tsiku lathunthu pakati.

Mabedi achitsulo a owotcherera nawonso ndi abwino, ndipo nsikidzi zimasowa pobisala. Onetsetsani kuti nawonso ndi a mabawuti, apakidwa penti yofiira yoletsa dzimbiri asanapake ya pamwamba, ndipo muonjezere masiku pa lonjezo lawo, poti magetsi akazima ntchito imaima.

M'malo mwa kabati imodzi yaikulu, ndikupangireni nzeru ya mabokosi ofanana, imene yandithandiza kuposa china chilichonse m'nyumba mwanga. Gulani shiti imodzi ya bulokubodi, ija ya timatabwa tomatidwa m'kati, yokutidwa ndi pulayiwudi kunja; kampani ya Raiply imapanga zoterezi ku Chikangawa ndipo zimapezeka m'mahadiweya. Shiti imakhala masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi. Kalipentala aicheke m'litali mizere inayi ya masentimita 30. Mzere uliwonse audule panayi: zidutswa ziwiri za 80 ndi ziwiri za 40. Zimenezo ndi bokosi limodzi, pamwamba, pansi ndi m'mbali. Choncho shiti imodzi ikupatsani mabokosi anayi osataya kanthu, ndipo shiti ina ya pulayiwudi yopyapyala ikwanira kutseka kumsana kwa onsewo n'kutsalako. Kumsanako musakusiye pululu, ndiko kumagwira bokosi kuti lisapendekeke. Bokosi lililonse alimange ndi guluu ndi masikuluu, ataboola kaye timabowo kuti thabwa lisang'aluke.

Chinsinsi chake chili pa mabowo olumikizira. Kalipentala apange kachikombole kamodzi ka pulayiwudi, aziboolera mabokosi onse pa malo ofanana, pamwamba, pansi ndi m'mbali, kuti bokosi lililonse lizigwirana ndi linzake ndi timabawuti ta mamilimita 6, ta sipanala nambala 10. Mukasanja awiri pansi, awiri pamwamba, mwapeza kabati ya mbale ndi mapoto. Anayi mosanjikiza ndi shelefu ya mabuku kapena zovala zopinda. Awiri motsatizana, khushoni pamwamba, ndi benchi ya alendo. Milu iwiri yotalikirana, mpope wachitsulo pakati ndi chitenje kutsogolo, ndi wadiropu. Zitseko mudzaika ndalama zikapezeka, bokosi limodzi mwezi uno, lina mwezi wamawa. Mwana akabadwa mudzagula shiti ina, ndipo poti miyeso ndi yomweyo, atsopano adzakwerana ndi akale ngakhale kalipentala atakhala wina. Sungani kachikombole kaja. Tsiku losamuka mabokosi omwewo ndiwo mumalongezamo ziwiya, ndipo limodzi limakwera ngakhale pa njinga ya kabaza. Ntchito yonseyi ndi ya masiku awiri kapena atatu.

Zinthu ziwiri musaphonye pa mabokosiwa. Asagunde simenti: aikeni pa njerwa zootcha kapena pa timiyendo ta masentimita 10, chifukwa madzi okolopera ndi chinyezi cha m'dzinja zimalowera pansi, ndipo chiswe chikayamba kumanga njira yake mudzachiona msanga. Siyaninso mpata wa dzanja pakati pa kabati ndi khoma, makamaka kumtunda kwa Ntchisi kumene nkhungu imagona m'mawa ndipo makoma amachedwa kuuma. Chachiwiri, mukasanjikiza kuposa atatu, mangirirani la pamwamba ku khoma ndi kachitsulo kapena waya wolimba. Mwana wokwawa amaona shelefu ngati makwerero, ndipo kabati yogwera mwana imapha.

Pa chiswe, pakani mankhwala oteteza matabwa monga Solignum kunsi kwa miyendo ndi kumsana, panja, masiku angapo katundu asanalowe m'nyumba kuti fungo lithe. Oyilo wakutha wa galimoto ndi wa mizati ya khola. Pa bedi amadetsa zofunda ndipo fungo lake silichoka.

Sindikunena kuti za m'sitolo zonse n'zoipa. Pali zina zimene kuno sizipangidwa, ndipo nthawi zina munthu umafuna tebulo lero lomwe. Koma dziwani chimene mukugula. Katundu wambiri wonyezimira ndi wa chipibodi, utuchi wopanikizidwa ndi guluu n'kukutidwa ndi pepala kapena pulasitiki wooneka ngati thabwa. Suzumirani kumsana, kunsi kwa shelefu, kapena m'bowo la hinjesi: mukaona timibulu ngati gaga, ndi chipibodi. Chimalemera koma sichilimba, chikamwa madzi chimatupa osabwereranso, ndipo sikuluu ikazulidwa kawiri sigwiranso. Ngati mukukhala nyumba yanuyanu youma, chikhoza kukutumikirani zaka. Ngati ndinu wosamukasamuka, chigulireni tinthu tating'ono tokha, monga katebulo ka TV.

Mukagula za m'katoni, musalole kuti akumangireni kusitolo. Tsegulani katoni pomwepo, werengani zidutswa ndi timasikuluu molingana ndi pepala la zithunzi, onani ngati ngodya sizinabenthuke, kenako tsekani, mukamangire kwanu. Katoni yafulati imayenda bwino pa msewu wodutsa pa Dzaleka kupita ku Dowa boma kuposa kabati yoimirira. Pomanga, yalani mkeka, lowetsani masikuluu onse mosalimbitsa, ndipo musanakhome chakumsana yezani ndi chingwe kuchokera ngodya ina kufika ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikafanana ndiye kuti kabati yawongoka; pamenepo limbitsani ndi dzanja, mosapyola. Patulani masana athunthu, ndipo mukhale awiri. Kakiyi kokhota kamene kamabwera m'katonimo kamateni ndi tepi kumsana kwa kabatiyo.

Sofa itembenuzeni muone kunsi musanalipire, poti nsalu yokongola imabisa zidutswa zaziwisi zokhomedwa ndi misomali. Ya anthu awiri ndi mipando iwiri ya munthu mmodzi zimalowa pakhomo lililonse. Ija yaitali yokhota pakona isiyireni a nyumba zawozawo. Zakale zogula kwa munthu amene akusamuka zimatchipa, koma unikani ndi tochi molumikiza monse. Timadontho takuda ndi nsikidzi, kaufa kogwa m'timabowo ndiye kuti thabwa lafumbwa. Bedi lotero limasuleni panja, thirani madzi owira m'ming'alu, liume padzuwa masiku awiri lisanalowe m'nyumba.

Tibwere ku ndalama. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mabawuti, guluu, vanishi ndi mahinjesi zimatsata dola. Choncho mtengo umene mnzanu analipira chaka chatha musaudalire. Pitani nokha kogulitsa matabwa ndi ku hadiweya, mufunse mtengo wa thabwa limodzi, shiti imodzi, bawuti limodzi ndi chitini cha vanishi cha lita imodzi. Kenako funsani akalipentala atatu, aliyense akugawireni mtengo wake patatu: matabwa, zitsulo ndi zopaka, ndi ntchito ya manja ake. Safunsa anadya phula. Wotchipitsitsa kawirikawiri wachotsa china, mwina mtanda wapakati, mwina kuuma kwa matabwa. Mabawuti 8 ndi mawasha ake adzakweza mtengo wa bedi pang'ono, ndipo kalipentala ali ndi chifukwa chopemphera kena kapamwamba pa ntchito yoboola molunjika, mupatseni mosanyinyirika. Pa za ku Lilongwe, onkhetsani thiransipoti yanu, ya katundu, ndi ya anyamata okweza ndi kutsitsa musanati n'zotchipa. Kukafika ku Ntchisi boma ndalama imeneyi si yochepa.

Chikole chisapose theka la mtengo, ndipo chotsalacho mudzapereke katundu atamangidwa m'nyumba mwanu, inu mutakhalapo, mutamugwedeza. Lembani pa pepala miyeso, mtundu wa matabwa, chiwerengero cha mabawuti, ndalama mwapereka ndi tsiku lotenga, nonse musayine, aliyense asunge lake. Si kukayikirana, n'kuthandizana kukumbukira. Posankha mmisiri, pemphani kuona bedi limene anapanga zaka ziwiri zapitazo kunyumba kwa munthu, osati loonetsera pamsewu. Amisiri aluso alipo pa Mponela, pa Madisi, pa Ntchisi boma, komanso ku msasa wa Dzaleka, kumene kwakhala anthu othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda chitsegulireni msasawo mu 1994. Bungwe la There is Hope limaphunzitsa ukalipentala pafupi ndi msasawo kwa othawa kwawo ndi achinyamata a m'midzi yozungulira. Mukapeza wachinyamata amene wangomaliza maphunziro ndipo amamvetsera, muyeseni ndi mabokosi kaye.

Ndalama zikachepa, yambani ndi matiresi, kenako bedi, kenako mabokosi anayi aja, tebulo ndi mipando iwiri. Tebulo nalonso miyendo yake ikhale ya mabawuti. Sofa idikire. Alendo a kuno sanyoza mkeka woyera.

Tsiku losamuka lisanafike, madzulo ake, tengani pensulo mulembe manambala m'kati mwa ngodya iliyonse ya bedi, 1 pa mwendo ndi 1 pa thabwa lake, 2 ndi 2, mpaka 4. Mabowo oboola ndi manja safanana ndendende, ndipo mukasinthanitsa mbali mudzalimbana nalo mpaka usiku. Matabwa aatali amangeni mtolo umodzi, bulangeti lakale pakati. Pa lole kapena pa ngolo, zafulati zigone pansi, matiresi pamwamba pake, galasi liimirire pakati pa matiresi ndi kumutu kwa bedi, osaligoneka. Kokani ndi zingwe za mphira, ndipo mukayenda makilomita ochepa imani mukokenso, poti katundu amakhazikika galimoto ikayamba kugwedezeka. Kuyambira Novembala mpaka Epulo musanyamuke opanda lona kapena pulasitiki wamkulu, ngakhale kumwamba kutayera.

Mabawuti, manati ndi mawasha onse aikeni m'sokosi yakale pamodzi ndi masipanala awiri aja, 17 ndi 10, ndipo sokosiyo ikhale m'chikwama chimene mwanyamula pamiyendo. Mukafika, mangani bedi poyamba dzuwa lisanalowe, ziwiya zidzatuluka mawa. Pakatha sabata ziwiri mukugonapo, bwerezani kulimbitsa bawuti lililonse pang'ono, ndipo muzitero chaka chilichonse mu Okutobala, matabwa akafota ndi kutentha.